Kodi wosewera waulere ndi wauleredi? Zimene inaona timu ya Reinildo

Mu mwezi wa Julayi chaka cha 2025, timu ya mpira ya Sunderland ya ku England inatenga Reinildo Mandava, mwana wa ku Beira, popanda kulipira ngakhale metikali imodzi ku timu imene anachokera ya Atlético Madrid ya ku Spain. Kontirakiti yake kumeneko inali itatha, ndiye anali mfulu kupita kulikonse kumene mtima wake wafuna. Mwezi wotsatirawo analowa m'bwalo nakhala wosewera woyamba wa Mambas kuponda mu Premier League, ligi imene imadzaza nyumba za kanema kuyambira ku Ulónguè mpaka ku Calómuè. Abel Xavier, wobadwira ku Nampula, anasewerako kale ku Everton ndi ku Liverpool, koma iye uja ankavala malaya a Portugal.

Chimwemwe chinali chachikulu. Komabe nkhaniyi inadzutsanso mkangano wakale umene umavuta makomiti a mpira kulikonse, kuyambira ku England mpaka pa bwalo la fumbi la kuseri kwa sukulu. Timu ikagwa, nkuyamba kumanganso, kodi ithamangire katswiri wa dzina amene alibe timu, kapena ileze mtima ndi kulera anyamata ake? Palibe timu yoyenera kufunsidwa funso limeneli kuposa Sunderland yomweyo, chifukwa pakati pa 2016 ndi 2025 inayesa njira imeneyi katatu. Kawiri konse sinapindule nayo kanthu.

ULERE WAKE ULI PATI?

Kale ku Ulaya wosewera sankakhala mfulu ngakhale kontirakiti itatha. M'chaka cha 1990, wosewera wina wa ku Belgium, Jean-Marc Bosman, anafuna kuchoka ku RFC Liège kupita ku Dunkerque ya ku France. Kontirakiti inali itatha, koma eni timu anaumirirabe kuti alipidwe. Kusamukako kunakanika ndipo malipiro ake anadulidwa. Bosman anakasuma, mlandu unayenda zaka zisanu, ndipo pa 15 Disembala 1995 khoti lalikulu la mayiko a ku Ulaya linagamula momukomera. Kuchokera pamenepo, wosewera amene kontirakiti yake yatha amachoka popanda timu yatsopano kulipira timu yakale. Malamulo a FIFA amalolanso kuti munthu ayambe kugwirizana ndi timu ina pamene kontirakiti yake yatsala ndi miyezi 6.

Apa ndi pamene anthu ambiri amanyengeka. Ndalama imene ikanapita kwa timu yogulitsa siibwerera yonse m'thumba. Wosewerayo amadziwa kuti sanagulidwe, choncho amatchula ndalama yosainira, amatchula malipiro okwera, ndipo mkhalapakati amene wamuyendetsera nkhani nayenso amadikira gawo lake. Chinanso, munthu wa zaka zambiri sadzagulitsikanso. Ndalama yonse imene yathiridwa mwa iye imatha tsiku limene wavula nsapato.

Mlimi wa ku Angónia sangavutike kumvetsa zimenezi. Munthu akampatsa ng'ombe ya pangolo kwaulere, sayamba ndi kuvina. Amayamba waiyang'ana mano ndi ziboda, ndipo amadzifunsa chifukwa chake mwini wake wailola kupita. Akailandira, ifuna khola, msipu ndi mankhwala monga ng'ombe ina iliyonse, kaya ikukoka kaya siikukoka. Nthawi zina imakhaladi ng'ombe yamphamvu imene mwini wake walephera kuisunga. Nthawi zambiri imakhala yotopa.

KUGWA KWA SUNDERLAND

Sunderland ndi mzinda wa kumpoto chakum'mawa kwa England, umene unakula ndi migodi ya malasha, monga Moatize, komanso ntchito yokhoma sitima za pamadzi. Bwalo la timuyi, Stadium of Light, linatsegulidwa mu 1997 pa malo pamene panali mgodi, ndipo mumalowa anthu oposa 48,000. Timuyi inatengapo ligi ya England kasanu ndi kamodzi, komaliza mu 1936. Ndi timu ya mbiri, ndipo ochemerera ake salola kuti iiwalike.

Mu Julayi 2016 mphunzitsi Sam Allardyce anachoka kukaphunzitsa timu ya dziko la England, ndipo m'malo mwake munalowa David Moyes. Timu inali itapulumuka mwamwayi zaka zingapo zotsatizana, ndipo aliyense ankaona kuti ifunika kumangidwanso. Moyes anatembenukira kwa anthu amene anagwira nawo ntchito kale ku Everton. Mu Ogasiti anatenga kwaulere Steven Pienaar wa ku South Africa, katswiri amene ambiri kuno amamukumbukira ndi Bafana Bafana, ali ndi zaka 34. Mu Seputembala anatenga Victor Anichebe wa ku Nigeria, nayenso wopanda timu. Mu Januwale 2017 anaonjezera Joleon Lescott, amene anatengapo ligi kawiri ndi Manchester City, nayenso wa zaka 34.

Pa pepala mayinawa ankaopsa. M'bwalo zinali zina. Anichebe anayamba bwino mu Novembala, anamwetsa zigoli zitatu, kenaka kuvulala kunamugwira. Lescott anasewera masewero awiri okha. Pienaar mpira unali udakali m'mutu, koma miyendo inali itasiya kumvera. Sunderland inapambana masewero 6 okha mwa 38, inathera pansi penipeni ndi mapointi 24, nitsika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sikungakhale chilungamo kuloza chala amuna atatuwa okha. Timuyi inatayanso ndalama zambiri pa osewera ogulidwa amene sanathandize, ndipo mavuto a ngongole anali atayamba kale. Koma cholakwa chachikulu chikuoneka poyera. Nyumba inali yopanda maziko, ndipo akuluakulu anathamangira kukagula malata. Anthu a zaka 34 anapemphedwa kusenza timu imene inalibe anyamata othamanga m'malo mwawo.

Chaka chotsatira chinaposa pamenepo. Mu 2018 Sunderland inatsikanso kachiwiri, kulowa mu League One, imene ndi ligi yachitatu. Pa nthawi imeneyo dzina limene linali pakamwa pa aliyense linali la Jack Rodwell. Iyeyu sanabwere kwaulere, anagulidwa kuchokera ku Manchester City mu 2014 pa mtengo wa mapaundi 10 miliyoni, koma nkhani yake ikusonyeza msampha womwewo wa kontirakiti yaitali. Manyuzipepala a ku England analemba kuti ankalandira mapaundi pafupifupi 70,000 pa sabata timu itatsika kale, pomwe sankasewera n'komwe. Kontirakitiyo inathetsedwa mu Juni 2018, madzi atafika kale m'khosi.

KUBWERERA KWA DEFOE

Sunderland inakhala mu ligi yachitatu zaka zinayi. Pa 29 Januwale 2022 inakwapulidwa 6 kwa 0 ndi Bolton, mphunzitsi anachotsedwa, ndipo ochemerera anali atakwiya zedi. Patangopita masiku ochepa akuluakulu analengeza kuti Jermain Defoe wabwerera, kwaulere, atamasulidwa ndi Rangers ya ku Scotland.

Defoe sanali mlendo. Ndiye amene anamwetsa zigoli 15 mu ligi m'chaka cha mpira cha 2015/16 ndi zinanso 15 chaka chotsatira, pamene anzake ankangoyang'anana. Mzinda wonse unkamukonda. Anthu anathamangira matikiti, ana anavala malaya a dzina lake. Koma anali ndi zaka 39. Miyezi iwiri isanathe, mu Malichi 2022, analengeza kuti wasiya mpira, asanamwetse chigoli ngakhale chimodzi.

Kodi akuluakuluwo ankagula zigoli, kapena ankagula mtendere ndi ochemerera okwiya? Poona nthawi imene anabwerera, yankho lachiwirili ndi limene likumveka. Ndipo chaka chomwecho timu inakwera popanda iye. Mu Meyi 2022, motsogozedwa ndi mphunzitsi Alex Neil, inagonjetsa Wycombe 2 kwa 0 pa bwalo la Wembley nichoka mu ligi yachitatu.

NAZALE

Chimene chinadzutsa Sunderland chinayamba mwakachetechete chaka chimodzi Defoe asanabwerere. Mu Febuluwale 2021 timu inagwa m'manja mwa mnyamata wa zaka 23, Kyril Louis-Dreyfus, wa ku banja lolemera la ku France. Iye pamodzi ndi mkulu woona za osewera, Kristjaan Speakman, anasankha njira ina: kugula anyamata aang'ono pa mtengo wotsika, kuwapatsa mpata wosewera, kugulitsa mmodzi akakwera mtengo, ndi kugwiritsa ntchito ndalamayo kugula ena. Anasamaliranso nazale ya timu. Goloboyi Anthony Patterson ndi wapakati Dan Neil anakulira pomwepo. Chris Rigg anasewera koyamba ndi akuluakulu mu Januwale 2023 ali ndi zaka 15 zokha. Jobe Bellingham anabwera kuchokera ku Birmingham mu 2023 ali ndi zaka 17, ndipo mu 2025 anagulitsidwa ku Borussia Dortmund ya ku Germany pa ndalama yoposa mayuro 30 miliyoni.

Njira imeneyi nayo ili ndi minga yake, ndipo amene amaitama asabise. Mu Seputembala 2023 timu inagulitsa womwetsa zigoli wake Ross Stewart, nisiya ntchitoyo m'manja mwa anyamata osakhwima. Zigoli zinauma. Aphunzitsi awiri anachotsedwa m'chaka chimodzi, ndipo timu imene inathera pa nambala 6 chaka chapitacho inathera pa nambala 16. Ana okhaokha, zinthu zikavuta m'bwalo, amasowa woyang'anako. Ochemerera ambiri anafuula kuti pabwere anthu akuluakulu, ndipo sanalakwe kotheratu.

Eni timu sanatekeseke. Mu 2024 analemba mphunzitsi wa ku France, Régis Le Bris, munthu amene anathera zaka zambiri akuphunzitsa ana. Pa 24 Meyi 2025, pa Wembley, Sunderland inakumana ndi Sheffield United kulimbirana malo amodzi otsala a mu Premier League. Inayamba kuchinyidwa. Eliezer Mayenda, wa zaka 20, anabweza. Nthawi itatha kale, mu mphindi zoonjezera, Tom Watson, mnyamata wa zaka 19 wa mu nazale, anamwetsa chigoli chachiwiri. Patatha zaka 8, Sunderland inabwerera pamwamba.

NANGA REINILDO AKUSIYANA PATI?

Wina angafunse kuti, ngati ana ndi amene anakweza timu, n'chifukwa chiyani inabwereranso kwa munthu wa zaka 31 wopanda timu? Yankho lili m'zimene zinachitikira matimu ena. Mu 2024 matimu onse atatu amene anali atangokwera, Luton, Burnley ndi Sheffield United, anatsikanso. Mu 2025 zinachitikanso chimodzimodzi kwa Leicester, Ipswich ndi Southampton. Kulowa mu Premier League ndi ana okhaokha kukanakhala kuwaponya m'kamwa mwa mkango. Sunderland inaononga mapaundi oposa 150 miliyoni pa osewera atsopano, ambiri a iwo achinyamata ndithu, ndipo pakati pawo inaikapo akuluakulu owerengeka. Granit Xhaka wa ku Switzerland, wa zaka 32, anagulidwa kuchokera ku Bayer Leverkusen napatsidwa ukaputeni. Reinildo anabwera kwaulere.

Kusiyana kwake ndi 2016 kuli pa zinthu zingapo. Reinildo sanatoledwe pakhomo atakhala miyezi osasewera. Anachoka mwachindunji ku Atlético, m'manja mwa Diego Simeone, mphunzitsi amene salekerera munthu waulesi kumbuyo, ndipo anali akusewera mu Champions League chaka chomwecho. Njira yake inali yodziwika: Ferroviário da Beira, matimu a ku Maputo, kenaka Portugal, kenaka Lille ya ku France kumene anatenga ligi mu 2021 pamaso pa Paris Saint-Germain ndi chuma chake chonse, ndiye Madrid mu Januwale 2022. Chifukwa chimene Atlético inamulolera kupita chinalinso chomveka, pakuti inali kutenga mnyamata wa ku Italy, Matteo Ruggeri, pa malo omwewo.

Chachikulu kuposa zonse ndi ntchito imene anamuitanira. Palibe amene anamuuza kuti apulumutse timu kapena adzaze bwalo. Anaitanidwa kudzatseka mbali ya kumanzere kumbuyo, malo amodzi, ndi kulankhula ndi anyamata omuzungulira mpira ukatentha. Anapatsidwa kontirakiti ya zaka ziwiri zokha. Akulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumoko kamathandiza pamene eni mudzi akudziwa chimene akufuna kumeta.

Ngakhale zinali choncho, ulerewo unadza ndi mtengo wake. Reinildo anavulala bondo koopsa mu Febuluwale 2023 pa masewero ndi Real Madrid, nakhala kunja miyezi yambiri, ndipo timu iliyonse yomutenga inayenera kuganizira zimenezo. Mu Seputembala 2025, pa masewero ndi Aston Villa, anapsa mtima nalandira khadi lofiira chigawo choyamba chisanathe. Anzake khumi analimbikira mpaka kufanana mphamvu 1 kwa 1, koma munthu amene anabwera kudzaphunzitsa ana kudekha ndi amene anawasiya pa moto tsiku limenelo. Kumapeto kwa chaka anachokanso kupita ku Morocco ndi Mambas, kumene pa 28 Disembala 2025 Moçambique inagonjetsa Gabon 3 kwa 2, kupambana koyamba m'mbiri yake ku ndime yomaliza ya chikho cha Africa. Kwa anthu a kuno linali tsiku la chikondwerero. Kwa mphunzitsi wa Sunderland anali masabata osowa munthu wake.

Zipatso zoyamba zinaonekabe. Sunderland inatsegula ligi pa 16 Ogasiti 2025 pogonjetsa West Ham 3 kwa 0, mu Okutobala inakathyola Chelsea 2 kwa 1 kwawo ku London, ndipo mu Disembala inagonjetsa adani ake a pakhomo a Newcastle 1 kwa 0.

Amene akuganiza kuti vuto la 2016 linali kusauka kwa Sunderland ayang'ane Paris Saint-Germain, timu imene ndalama siisowa. Mu 2021 inatenga kwaulere Lionel Messi, Sergio Ramos, Georginio Wijnaldum ndi goloboyi Gianluigi Donnarumma, pofuna chikho cha Champions League. Inatulutsidwa msanga ndi Real Madrid mu 2022, kenaka ndi Bayern Munich mu 2023. Chikhocho chinabwera pa 31 Meyi 2025, pamene inakwapula Inter Milan 5 kwa 0, mayina akuluakulu atachoka ndipo mphunzitsi Luis Enrique atamanga pa anyamata. Mwa anayi aulere aja, amene anali m'bwalo usiku umenewo anali Donnarumma yekha, yemwe anabwera ali ndi zaka 22.

PA BWALO LA KUMUDZI

M'maboma a m'malire mulibe mapaundi, koma mkangano ndi womwewo. Mpikisano wa chikho ukayandikira, komiti imasonkhetsa ndalama kwa alimi a mbatata ndi eni magolosale, kenaka wina amatchula dzina la katswiri amene anasewerapo m'tauni kapena kutsidya kwa malire, amene pakali pano ali pakhomo. Palibe timu yoti ilipidwe, choncho onse amati ndi waulere. Koma afuna ya thiransipoti, afuna chakudya ndi pogona, afuna nsapato, ndipo afuna kangachepe kake masewero asanayambe. Ndalama imeneyo ndi yomwe ikanagula mipira iwiri ndi ukonde.

Palinso mtengo wina umene sulembedwa m'buku la msungichuma. Mnyamata amene wakhala akubwera ku zokonzekera madzulo alionse atachoka kudimba ndi amene amakhala pa benchi tsiku lalikulu. Iye ndi anzake amaona, ndipo chaka chamawa ena sabweranso. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Chikho chikatha katswiri uja amakwera njinga yamoto, ndipo timu imabwerera pamene inali, kapena kumbuyo kwake.

Mu Moçambola momwe muli zitsanzo za mbali zonse ziwiri. União Desportiva do Songo, ndi thandizo la kampani ya magetsi ya Cahora Bassa, inatenga ligi mu 2017, 2018 ndi 2022, ndipo timu yokhala ndi msana wotere ikhoza kulipira anthu okhwima popanda kugwa nawo. Black Bulls inayamba ndi sukulu ya mpira ku Tchumene, nitenga ligi mu 2021, chaka chake choyamba chenicheni mu ligi yaikulu. Timu ya pamudzi ilibe damu kumbuyo kwake. Chimene ili nacho chochuluka ndi ana.

Sikuti khomo litsekedwe kwa wamkulu aliyense. Timu imene anyamata ake asewera limodzi zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo ikudziwa kuti ikusowa goloboyi kapena munthu mmodzi wolankhula kumbuyo, ichita bwino kumutenga. Komiti imufunse kuti anasewera liti komaliza ndi chimene anachokera kumene anali, imuone akuthamanga ndi maso ake, igwirizane naye za chaka chimodzi, ndipo imuuze kuti zokonzekera ndi za aliyense. Wokana kubwera Lachitatu asayembekezere jezi Lamulungu. Timu imene yangogwa kumene, imene ilibe ngakhale osewera 11 odalirika, ikhala ikubwereza za Moyes ndi Pienaar.

Reinildo anabadwa pa 21 Januwale 1994. Kontirakiti imene anasaina mu 2025 inalembedwa kuti ithe pakati pa chaka cha 2027, iye ali ndi zaka 33. Ikafika pamenepo osaonjezeredwa adzakhalanso mfulu, ndipo akuluakulu a timu ina, kaya ku Ulaya kaya ku Beira kwawo, adzakhala pansi kuwerengera dzina lake, zaka zake ndi bondo lija.